Dzira la a Thwelofu

Pa msika wa pa Domasi, mukanafunsa za a Morton Mukhiwa anthu akanayamba ayang'anana kaye. Koma kungoti a Thwelofu, ngakhale mayi wa zitumbuwa akanakulozerani kabenchi ka pakhonde la golosale ya Che Alaudin, kamene pansi pake pankakhala mawailesi akufa ndi chitini cha masikuluwu. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akabwera ndi wailesi, sipika, kaya ka TV ka sola kakununkha utsi, iwo ankakatembenuza, n'kuwerenga kumbuyo, n'kunena mawu omwe aja a masiku onse: "Ichi chimafuna thwelofu. Inu munachipatsa angati?" Ankanena 12, mphamvu ya magetsi. Mwini katundu ankangokanda m'mutu. Ndani pa Domasi pano amayeza magetsi asanalumikize? Ife waya akangolowa basi tayatsa, zotsalazo adziwa ndi Mulungu.

A Morton sanali a kuno. Anabadwira ku Phalombe, kwa anthu amene makolo awo anachokera ku Mozambique ndi khasu paphewa, Chilomwe pakamwa. Sukulu analekezera Sitandade 8, zamawailesi anakaphunzira kwa amalume awo ku Limbe. Ku Domasi anabwera mu 1994 kudzakonza chimkuzamawu cha kwaya ina ya ku Mishoni, ntchito ya masiku awiri. Mtsikana wina wa m'kwayamo, Iness, anaseka thalauzi lawo lolekeza pamwamba pa akakolo, ndipo masiku awiri aja anasanduka zaka makumi atatu. Anakwatira chikamwini kwa Malemia, n'kumanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a apongozi awo, n'kubzala mitengo inayi ya mango. Ana anabadwa atatu. Wotsala anali mmodzi, Tikondane, amene amagulitsa m'sitolo ya nsalu ku Limbe.

Anali munthu wosakwera, wosatsika. Mpunga ukachita bwino, "Chabwino." Ukakokoloka ndi madzi, "Chabwino." Zokwera ndi zotsika za m'nyumbamo ankasenza ndi a Iness. Kuseka mpaka kugwira m'mimba kunali kwa a Iness, kukalipa mpaka nkhuku kuthawa pabwalo kunali kwa a Iness, ndipo pa maliro a ana awiri aja a Iness analirira anthu awiri, iwo ndi amuna awo omwe.

Chaka china a Iness anatopa ndi nkhuku zothawa mazira pakati. Anafunsa amuna awo kuti munthu woukitsa mawailesi angalephere bwanji kupanga thadzi. A Morton anatola kafiliji kakufa, n'kuikamo mababu awiri a galimoto oti azitenthetsa, kafani koyendetsa mpweya, ndi kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa mababuwo kutentha kukafika poyenera. Kachipangizoko a Iness anakatcha kaubongo, chinthu chonsecho n'kuchitcha Thadzi. Thadzi linkadya magetsi a sola ya padenga kudzera m'batire, ndipo nalonso linkafuna thwelofu. Koma batire la sola silisunga pangano. Dzuwa likamaswa mtengo limakwera kupyola 14, ndipo kaubongo koyamba kanapsa choncho, masana ena a mu Okutobala. Ndiye a Morton anaika pakati kachipangizo kotsitsa mphamvu, kuti batire likakwera Thadzi lizilandirabe 12 wake. Kuyambira pamenepo mazira anaswa maulendo anayi popanda vuto, ndipo a Iness anatchuka ngati kuti anafungatira ndi iwo.

Mu Juni wa chaka chimene tikunenachi, a Iness anasonkhanitsa mazira kwa anzawo a Mvano kuti awaswetsere. Anakhala pakhonde ndi pensulo n'kumalemba dzina la mwini pa dzira lililonse: Mayi Anita, Mayi Jacinta, Mayi Mervis. Analipo makumi awiri ndi asanu ndi anayi. La nambala 30 analitenga kwa nkhuku yawo yakuda, n'kulembapo, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu: Bambo a Tiko.

"Ili ndi lanu," anatero. "Zaka zonsezi pamudzi pano mulibe olo mbuzi. Mango ndi anga, nyumba ndi yanga, mwana ndi wanga. Bola mukhaleko ndi nkhuku imodzi yoti muzitha kunena kuti yanga."

"Chabwino," anayankha a Morton.

"Chabwino, chabwino! Tsiku lina ndidzakuyezani ndi kamita kanuko, ndione ngati m'katimo muli moto."

Linali Lachinayi. Mazira a nkhuku amafuna masiku makumi awiri ndi limodzi.

Lachiwiri lotsatira a Iness anagwa akupuntha mpunga kudimba. Anangoti mutu, basi. Anawanyamulira kumsewu, minibasi n'kuwafikitsa kuchipatala ku Zomba, ndipo Lachitatu m'mawa anatsikira kulichete osalankhulanso. Namwino anapatsa a Morton chitenje ndi masilipasi m'jumbo. Iwo analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Chimene amakumbukira cha m'chipindacho ndi wotchi ya pakhoma, imene inaima pa 4 koloko, ndipo anaganiza kuti ikungofuna batire latsopano.

Aliyense amadziwa chimene chimachitika uthenga wa maliro ukangofika pamudzi. Nyumba ya siwa imakhuthulidwa. Mipando, tebulo, kabati, zonse kunja, kuti amayi apeze pokhala ndi polirira. Amene anagwira ntchitoyo kwa a Iness anaigwira ndi mtima wonse. Pabalaza anapezapo kafiliji, anazula mawaya, n'kukakaika kuseri kwa nyumba pamodzi ndi matumba a chimanga. Batire analisiya pakhonde, poti pamaliro pamafunika nyali, ndipo anthu ochokera kutali amabwera ndi mafoni akutha moto. Panalibe woipa mtima ngakhale mmodzi. Zimenezi zinachitika cha m'ma 8 m'mawa, ndipo galimoto ya thupi inafika 3 koloko masana, mphepo ya Juni ikutsika m'phiri.

Amayi anabuma maliro. A Morton anatsika m'galimoto, maso awo n'kugwera pa mawaya awiri akulendewera pawindo. Anadutsa pakati pa anthu otambasula manja kuti awagwire, n'kuzungulira kuseri. Anatsekula Thadzi, kupisamo dzanja. Mazira anali zii, ngati miyala ya mumtsinje.

Thadzilo analikokera m'kakhitchini ka panja. Kenako anapita pakhonde n'kuyamba kuzula mafoni pabatire, imodziimodzi, mpaka asanu ndi anayi. Mwini foni wina anati adandaule, koma ataona amene akuzulayo anameza mawu ake.

Namfedwa amayenera kukhala pansi pakati pa amuna anzake, mutu woweramitsa, anthu azibwera kudzamugwira dzanja. A Morton ankakhala ndithu, koma katatu patsiku ankadzuka, kupita kukhitchini, kutembenuza mazira makumi atatu monga ankachitira a Iness, n'kubwerera pampando. Domasi ili ndi maso, ndipo pakamwa pake sipachedwa. Ena anati mutu wasokonekera. Ena anati munthu uyu chibadwire mtima wake ndi wa mwala. Kumanda Lachinayi anaponya dothi pabokosi, n'kuima kudikira kuti amve kanthu. Sikuti ankadzigwira ayi. Anafufuza mumtima monga amafufuzira moto m'wailesi yakufa, waya ndi waya, osapezamo kanthu.

Lachisanu abale anakhala pansi pa mango. A Jeremiya, mlongo wa a Iness amene ndi mwini mbumba, anakonza kukhosi kawiri asanayambe. Si munthu wankhanza, ndipo nkhaniyo inkawalemera.

"Alamu, sitikukuthamangitsani ayi. Mwakhala nafe bwino, palibe angatsutse. Koma mwambo mukuudziwa. Abale anu a ku Phalombe ali pompano, nde timati tikusudzuleni asanabwerere, mukhale omasuka."

Kusudzula ndiko kumasula mwamuna kuti ukwati watha ndi imfa, abwerere kwawo. Nyumba ndi malo zimatsala kwa mwana ndi kuchikazi. A Morton anaona amuna anzawo angapo akuchoka choncho, ena anawanyamulirapo katundu mpaka pa siteji. Amati mlendo ndi mame, ndipo mkamwini ngakhale amere imvi pamudzi amakhala mlendo ndithu.

"Mazira," anatero a Morton.

"Pepani alamu, mwati?"

"Mazira a mayi a Tiko. Atsala masiku khumi ndi atatu."

Wina anatsokomola. A Jeremiya anayang'ana achemwali a a Morton, achemwaliwo anayang'ana pansi.

"Chabwino alamu. Tipange Loweruka, pakatha masabata awiri."

Ndiye a Morton anatsala ndi masabata awiri pa Domasi ndi ntchito imodzi, yoti mazira aja aswe. Ngati munali moyo m'menemo pambuyo pa kuzizidwa maola asanu ndi awiri, iwo sankadziwa.

Vuto linaonekera m'mawa mwake. Nyali ndi mafoni a pamaliro zinali zitayamwa batire mpaka pansi, ndipo batire likafika pamenepo silibwereranso mwakale. Kuwonjezera apo chiperoni chinakuta phiri, dzuwa n'kumangosuzumira. Likasuzumira, mita inkathamangira ku 14. Mtambo ukadutsa, 12. Kukamacha, 11. Tsono chotsitsa chimadziwa kutsitsa basi, sichingapereke chimene sichinalandire. A Morton anapeza mababu ali psuu ngati makala akuzima, kaubongo kakungoti the-the-the, m'kati mwa Thadzi mukuzirala.

Anapalasa njinga mpaka pamsika. Che Alaudin, amene kwa zaka makumi awiri anawabwereka khonde popanda kufunsa kanthu, anatulutsa chisipika chakufa chimene munali kachipangizo kokweza mphamvu. A Morton anakachotsa, kukalumikiza m'malo mwa chotsitsa chija. M'mawa zinayenda, 11 anasanduka 12. Koma chokweza nachonso chimadziwa kukweza basi. Masana dzuwa litatuluka, 14 yense anangodutsa ngati pakhomo lopanda chitseko. A Morton anamva fungo la kaubongo kakutentha n'kuzula waya msanga.

Masiku awiri anakhala pa chitini m'khitchinimo akusinthanitsa ndi manja. Batire likatsika, chokweza. Likakwera, chotsitsa. Mtambo uliwonse wodutsa pa Zomba unkawadzutsa pachitinipo. Che Alaudin atabwera kudzawaona anawapeza ali choncho, waya m'dzanja, maso pamita.

"Likanakhala lokwera nthawi zonse, bwenzi ndikungotsitsa," anafotokoza a Morton. "Likanakhala lotsika nthawi zonse, bwenzi ndikungokweza. Koma likumadutsa pa thwelofu pomwepo, uku ndi uku, kangapo patsiku."

"Nde mupanga bwanji, Che Thwelofu?"

A Morton anayang'ana tizipangizo tiwiri tija.

"Ndiika tonse. Ndikweze kaye mpaka sikisitini, poti batire silifikako olo dzuwa litakwiya. Kenako nditsitse kubwera pa thwelofu."

"Kukwera phiri kuti mutsikire pakhomo panu pomwe?"

"Eya."

Anawotcherera mawaya, chokweza kutsogolo, chotsitsa pambuyo pake. Mita inaonetsa 12. Mtambo unabwera, 12. Dzuwa linatuluka, 12. Kunacha, 12 yemweyo. Koma a Morton ankadziwa mtengo wake. Tizipangizo timeneti sitipanga magetsi. Batire likamafooka timalikama kwambiri kuti kunja kuoneke bata, ndipo lotopa kale ngati limeneli silikanafika nawo patali. Che Alaudin sanadikire kupemphedwa. Anazula batire la m'golosale mwawo, n'kunena kuti limodzi lizigwira ntchito, linzake lizidya magetsi a pamsika, azisinthanitsa m'mawa uliwonse. Maliro n'kulirana. Ena analira ndi misozi, ena ndi ufa ndi nkhuni, Che Alaudin analira ndi batire.

Tikondane anapirira mpaka tsiku loti mawa lake abwerera ku Limbe. Anaima pakhomo la khitchini, maso atatupa.

"Ababa, anthu akukunenanitu. Amayi tawaika dzanadzanali, inu muli bize ndi mazira. Olo msozi umodzi? Munkawakonda koma?"

"Tseka chitseko," anatero a Morton.

M'khitchinimo munada. Anayatsa tochi ya foni, n'kusanjikapo dzira. Chigoba chinawala, ndipo m'kati munaoneka timitsempha tofiira ndi kadontho kakuda kakugwedezeka pakokha. Pamwamba pake, mozondoka, panali zilembo za pensulo zopendekera kumanzere: Mayi Jacinta. Tikondane anazidziwa zilembozo. Ndi zomwe zinkalembedwa pa zikuto za makope ake onse a ku pulayimale. Anakhala pansi n'kulira, ndipo bambo ake anagwirabe tochi, n'kutenga dzira lina. Anaunika onse makumi atatu. Khumi ndi asanu ndi limodzi anali oyera mbee, anafa tsiku la kuzizidwa lija. Khumi ndi anayi anali moyo.

"Ili lalembedwa inu," anatero Tikondane. "Lili moyo?"

"Likuoneka ngati."

Masiku otsatira anafanana onse. M'mawa njinga, batire pakaliyala, msika, kubwerera. Kutembenuza mazira m'mawa, masana ndi madzulo. Akazi a a Jeremiya ankabweretsa chakudya, a Morton ankadya chonse n'kutsuka mbale, koma mukanawafunsa kuti ndiwo zinali chiyani sakanayankha. Pamsika anabweza mawailesi kwa eni ake, okonzeka ndi osakonzeka omwe. Analongedza katundu wawo, ndipo zaka makumi atatu zinakwana m'matumba awiri ndi bokosi la zipangizo. Anaona kuti mango ayamba maluwa, n'kudziwa kuti a chaka chino sadzadya nawo. Anazidziwa monga munthu amadziwira kuti lero ndi Lolemba.

Pa tsiku la 18 mazira satembenuzidwanso. Umaika mbale ya madzi m'kati, kutseka, n'kuleka. Apa ndiye manja a a Morton anasowa chogwira. Ankangokhala pachitini kuyang'ana mita. Akaiika kubatire, manambala ankavina, 13, 11, 14. Akaiika ku Thadzi, 12, osasuntha.

Lachinayi la tsiku la 21, amayi a Mvano anadzera pakhomopo akuchokera kumapemphero, mabulauzi ali mbee. Anapereka moni, anaimba nyimbo imodzi, kenako Mayi Anita anafunsa monong'ona ngati kwamveka kanthu.

"Anazizidwa," anatero a Morton. "Achedwa."

Amayiwo anayang'anana mwachisoni, chisoni cha pa munthu osati pa mazira, n'kutsanzika.

Lachisanu m'mawa, asanatsekule n'komwe chitseko cha khitchini, anamva kulira kwa anapiye. Pofika masana anali khumi ndi mmodzi, atauma, akupondana. A Morton anatola zigoba n'kumawerenga mayina: awiri a Mayi Anita, atatu a Mayi Jacinta, mpaka onse anadziwika eni ake. Madzulo amayi aja anabwera ndi timakatoni toyalamo nsanza. Mayi Mervis anapukuta misozi ndi chitenje n'kunena kuti a Iness asunga pangano ali m'manda. A Morton anati, "Chabwino." Zigoba anatenga ndi amayiwo, aliyense cha dzina lake. M'Thadzi munatsala mazira atatu. Awiri atawagwedeza pakhutu anadziwa kuti zatha, n'kuwachotsa. Linatsala limodzi, ndipo magetsi onse aja, kukwera ku 16 n'kutsika ku 12, ankayendera dzira limodzi basi.

Loweruka linafika. Achemwali a a Morton anatsika minibasi yoyamba, Tikondane anatsika yachiwiri. Mikeka inayalidwa pansi pa mango, matumba awiri ndi bokosi zinaikidwa pakhonde. Cha m'ma 10 a Jeremiya anabwera pakhomo la khitchini.

"Alamu, anthu akudikiratu."

"Ndikubwera."

Sanadzuke. Pagalasi limene anaika pachitseko cha Thadzi ankaona kabowo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kumbali yaikulu ya dzira. A Jeremiya anasuzumira nawo, anaona, n'kubwerera kumikeka. A Morton anawamva akuuza anthu kuti ayambe amwa kaye tiyi.

A Iness anali ndi lamulo limodzi: mwanapiye sathandizidwa, ukamuswera wamupha. Ndiye a Morton anaika manja pakati pa mawondo n'kudikira. Kamlomo kankatuluka, kugogoda, kupuma. Panapita ola. Mng'alu unayamba kuyenda mozungulira, pang'onopang'ono, unafika pa zilembo za pensulo, n'kudutsa pakati pa Bambo ndi Tiko. Dzira linagwedezeka kawiri. Kenako chigoba chinatseguka, ndipo kanthu kakuda, konyowa, konyansa ndithu, kanagwa chammbali, kanatukula mutu n'kulira.

A Morton anatembenukira kukhomo, nkhope yonse itamasuka, n'kufuula mokweza kuposa mmene munthu aliyense pa Domasi anawamverapo.

"Mayi a Tiko! Tabwerani mudzaone, langa lija laswa!"

Panja makapu analeka kulira. A Morton anakhala chiyang'anire kukhomo, akudikira kumva masilipasi akukhwekhwereza kuchokera kunyumba, ndi mawu oti mukufuulanji ngati nyumba yapsa. Anadikira ndithu, ndi mtima wonse. Kafani kankangolira m'Thadzi.

Amene anaima pakhomo anali Tikondane. Anapeza bambo ake atatsetsereka pachitini, akhala padothi, pakamwa pali yasa, mapewa akugwedezeka. Chisoni cha masabata awiri ndi theka chinawapeza pamenepo chonse nthawi imodzi, pamodzi ndi cha ana awiri aja, ndipo panalibenso wina m'nyumbamo woti awalirire. Analira okha, moipa, ngati munthu wosazolowera.

Pansi pa mango a Jeremiya anauza anthu kuti mwambo udikire, mwanapiye ayambe wauma.